Funsani Amalume: Kombi yanga ya zitini ikungooneka ngati bokosi la nsapato

FUNSO: Amalume, ine ndi mnyamata wa zaka 19, ndimakhala kwa Santhe kuno ku Kasungu. Chiyambire ndili mwana ndakhala ndikupanga magalimoto a mawaya koma pano ndikufuna kupanga chinthu chooneka bwino choti nkuika pa shelefu. Chaka chatha pa boma ndinaona alendo opita ku paki ku Lifupa ali pa kagalimoto kakalekale ka Volkswagen, galasi lakutsogolo logawika pawiri, mkati muli bedi, sitovu ndi makatani ngati nyumba, nde ndinakajambula pa foni. Ndayesa kawiri kukapanga ndi zitini za mafuta ophikira, matayala ndinaika zotsekera za polishi wa nsapato, koma kakungooneka ngati bokosi ndipo mawindo onse anachita mbuu nditamata ndi super glue. Ndikulakwitsa pati?
Wokonda zamanja, Santhe

YANKHO: Mphwanga, kalata yako yandisangalatsa zedi chifukwa nanenso ndinakulira pa mawaya ndi mapesi a chimanga, ndipo ndikudziwa mmene mtima umawawira ukathera sabata yonse pa chinthu kenako nkuona kuti sichikufanana ndi chomwe chili mmutu mwako. Manja ako alibe vuto. Chomwe chikukugwetsa nchoti ukuyeza ndi maso, pomwe ntchito iyiyi imafuna rula ndi sikelo imodzi kuyambira pa bampa mpaka pa kapu ya tiyi yomwe uike patebulo mkatimo.

Galimoto unaionayo ndi Kombi yoyambirira ija, Volkswagen anayamba kuipanga mu 1950 ku Germany, ndipo kampani ya Westfalia inayamba kuziikamo mabedi ndi makabati mu 1951 kuti anthu azigonamo paulendo. Za galasi logawikazo ku Germany anasiya kupanga mu 1967. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 4.28, ndipo kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo kufika pakati pa lakumbuyo ndi mamita 2.4. Ine ndingakuuze kuti utenge sikelo ya 1:20 chifukwa masamu ake ngosavuta, chilichonse umangogawa ndi 20 basi. Nde Kombi yako ikhale masentimita 21.4 mulitali, pakati pa matayala masentimita 12 ndendende, mulifupi pakati pa 8 ndi theka ndi 9, kupita mmwamba pafupifupi 9 ndi theka. Tsopano tayala lisapitirire masentimita 3 ndi theka ukayeza modutsa pakati, waona pomwe zotsekera za polishi zakupweteka? Nzazikulu kwambiri, zikuchititsa galimoto kuoneka ngati choseweretsa cha mwana. Dula matayala pa silipasi yakutha yakuda, uboole pakati, ulowetse pa msomali nkumazungulitsa pa sandipepa mpaka anayi onse afanane. Ngati pali mnzako wa dirilo umubwereke, ntchito ya tsiku lonse imatha pa ola limodzi.

Usanadule chitini chilichonse jambula kaye papepala mbali zonse, cham'mbali, kutsogolo, kumbuyo ndi pamwamba, pa saizi yeniyeni yomwe ukufunayo, kenako upange yoyeserera ya katoni. Katoni ukalakwitsa umangotaya, chitini chimakudyera nthawi komanso zala.

Za bokosizo, pamenepa ndi pomwe ndikufuna undimvetsetse. Kombi ilibe ngodya zakuthwa, mphuno yake njozungulira ngati chipumi cha mwana ndipo denga limatsetsereka mbali zonse, nde chitini chimakana kupindika mbali ziwiri nthawi imodzi, ukachikakamiza chimachita makwinya. Makoma a m'mbali upange ndi chitini palibe vuto, koma mphuno, denga ndi makona akumbuyo useme pa thabwa lofewa, pita kwa akalipentala ukapemphe zidutswa za paini kapena malaina zomwe amangotaya zija, useme ndi mpeni pang'onopang'ono kenako sandipepa wokhakhala, kumalizira wosalala. Pomwe thabwa lakumana ndi chitini pakatsala mpata thirapo soda yemweyu wophikira therere nkudonthezera super glue, zimauma nthawi yomweyo nkulimba ngati mwala ndipo zimapalika bwinobwino. Koma zimatentha komanso kautsi kake kamawawa mmaso, uchitire panja ndipo nkhope uike kutali. Kutsogoloko usaboole zibowo za radiyeta ayi, galimoto iyiyi injini ili kumbuyo ndipo imazizira ndi mphepo, timizere tolowera mphepoto tili m'mbali chakumbuyo. Chomwe chimaipatsa nkhope yake ndi V wamkulu uja wotsika kuchokera pansi pa mawindo kukakumana pafupi ndi bampa, umupange ndi kawaya kopyapyala ka kopa, ukamulakwitsa ameneyo palibe angaizindikire.

Mawindo anachita mbuu chifukwa mpweya wa super glue ukamauma umakakamira pa pulasitiki yoonekera, ndipo umavuta kuchoka. Gwiritsa guluu woyera wa matabwa, pang'ono chabe ndi nsonga ya kamtengo ka machesi, akauma amaonekera. Pulasitiki yake usatenge ya botolo chifukwa njokhota, magalasi a Kombi yakaleyi ngathyathyathya, funa ya mapaketi muja mumabwera mabatire kapena mswachi. Ndipo mawindo amalowa pomaliza, penti atauma.

Mkatimo ndi momwe ine ndimakondamo kwambiri, ndipo upange denga lisanakhale, kapenanso denga ulisiye lovula kuti anthu azisuzumira. Kamtengo ka machesi pa sikelo yathuyi kali ngati thabwa la masentimita 4, nde kakwanira bwino mwendo wa tebulo. Makabati upange ndi mabokosi a machesi koma uwadule afike pa muyezo, matiresi ndi kasiponji kopyapyala, sinki ndi kapulasitiki muja mumakhala mapilitsi utapaka penti wa siliva, chiwongolero ndi kawaya kozungulira, masentimita 2 ukayeza modutsa pakati. Makatani samala, chitenje cha maluwa akuluakulu chiononga zonse chifukwa duwa limodzi lidzadza windo lonse, funa kansalu ka timizere ting'onoting'ono, kaya ka shati yakale ya sukulu. Uonenso pa chithunzi chako kuti chiwongolero chili mbali iti, ngati chili kumanja ngati magalimoto akwathu kuno nde zitseko ziwiri zam'mbali zija zikhale kumanzere, ndipo pa ma Kombi ambiri akalewa zimatsekuka chotuluka panja, sizotsetsereka ngati za minibasi ayi.

Penti usathamangire. Pala chitini ndi sandipepa kuti penti agwire, yamba ndi wapansi wotuwa, kenako mitundu iwiri ija, woyera pamwamba wina pansi, ukumata tepi pa mzere wa V. Paka kopyapyala katatu kusiyana nkuthira kamodzi kochuluka, ndipo ndi fumbi lathu la ku Kasunguli uzivindikira ndi beseni ukangomaliza kupaka mpaka mawa lake.

Yamba ndi thabwa lapansi ndi matayala anayi pa masentimita 12 aja, uike patebulo uone ngati onse akugunda pansi, kenako unditumizire chithunzi tisanapite ku makoma.
Amalume