Mafupa a makolo a Malawisaurus amatiuza chiyani?

Aphunzitsi ena a ku Mzuzu ananditumizira imelo atabwerako ku Karonga ndi ana awo a sukulu, kumene anakaona chigoba cha Malawisaurus, dinosaur wautali khosi, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale. Funso lawo ndi lakuti: popeza akatswiri amati makolo a ma dinosaur aatali khosi anali aang'ono ndipo ankayenda ndi miyendo iwiri, kodi zimenezi amazidziwa bwanji pongoyang'ana mafupa amene anasanduka miyala?

Aphunzitsi, funso lanu landisangalatsa, chifukwa umboni wambiri wa nkhaniyi unafukulidwa kuno kummwera kwa Africa. Malawisaurus anakhalako mochedwa, m'nyengo ya Cretaceous, imene inali yomaliza ya ma dinosaur, koma mmodzi mwa achibale ake akale kwambiri ndi Mbiresaurus raathi, wa m'boma la Mbire ku Zimbabwe, amene Christopher Griffin ndi anzake anamulengeza mu 2022. Anakhalako zaka pafupifupi 230 miliyoni zapitazo ndipo kutalika kwake kuchokera kumutu mpaka kumchira sikunkafika mamita awiri.

Za kayendedwe, chitsanzo chimene ndimachikonda ndi Massospondylus wa ku South Africa, amene Richard Owen anamupatsa dzina mu 1854. Mu 2007 Matthew Bonnan ndi Phil Senter analumikiza mafupa a mkono wake mfundo ndi mfundo, n'kumawayendetsa kuti aone pamene amalekezera. Anapeza kuti zikhatho zake zinkayang'anizana ngati za munthu amene akuwomba m'manja pamaso pa mfumu, ndipo sizikanatembenuka kuti ziponde pansi. Nyama ya manja otero siingayende ndi miyendo inayi. Auzeni anawo atambasule manja awo chomwecho, kenaka ayese kukwawa osatembenuza zikhatho. Adzamvetsa msanga kuposa kuwerenga buku.

Njira ina ndi kuyeza kunenepa kwa fupa la mkono n'kuyerekeza ndi la ntchafu, pakuti fupa limene limasenza thupi limakula mogwirizana ndi katundu wake. Umu ndi mmene mu 2018 anadziwira kuti Ledumahadi mafube wa m'chigawo cha Free State ku South Africa, wolemera matani 12, ankayenda ndi miyendo inayi zaka 200 miliyoni zapitazo.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi m'kati mwa fupa. Katswiri amacheka kachidutswa, n'kukamata pagalasi, n'kukapala mpaka kupyapyala moti kuwala kumadutsa, ndipo akakaika pa maikulosikopu amaona mizere yozungulira ngati ya pachitsa cha mtengo. Mzere uliwonse umasonyeza nyengo imene kukula kunaima, kawirikawiri kamodzi pachaka. Martin Sander ndi Nicole Klein atachita zimenezi pa mafupa a Plateosaurus wa ku Germany ndi Switzerland, analemba mu 2005 kuti ena ankasiya kukula ali ndi mamita osakwana asanu pamene ena ankafika mamita khumi. Zikuoneka kuti nyamazi zinkakula motsatira chakudya cha chaka chimenecho, monga mmene chimanga chimachitira ndi mvula. Choncho fupa laling'ono silitanthauza nthawi zonse kuti mwini wake anali mwana.

Anawo muwauzenso kuti akatswiri amalakwitsa, ndipo amene amawakonza ndi mafupa omwewo. Vulcanodon, dinosaur wodya zomera, anapezeka mu 1969 pachilumba china cha m'nyanja ya Kariba, wopanda mutu, koma pambali pake panali mano akuthwa ngati mipeni. Michael Raath pomufotokoza mu 1972 anaganiza kuti manowo ndi ake. Patapita zaka, Michael Cooper anaonetsa kuti anali a dinosaur wina wodya nyama, amene mwina anaguluka mano pamene ankang'amba mtembowo.