Viza yokaphunzitsira Chingerezi ku yunivesite ya ku Japan imayambira kwa okulembani ntchito

Achemwali, mwati muli ndi Masters ya Chingerezi, mwaphunzitsa kwa zaka zingapo, ndipo pali munthu amene akufuna ndalama kuti akupezereni viza yokaphunzitsira ku yunivesite ya ku Japan kapena ku South Korea. Musamupatse ngakhale tambala. Viza ya mtundu umenewu sigulidwa, ndipo dobadoba alibe khomo lolowera. Imatuluka pokhapokha yunivesite yeniyeni itakulembani ntchito n'kukuyimirani ku boma la kwawoko.

Za ku Korea ndinena mwachidule. Viza ya aphunzitsi a chiyankhulo kumeneko, ya E-2, kwa ophunzitsa Chingerezi kwenikweni imaperekedwa kwa nzika za mayiko 7: America, Britain, Canada, Australia, New Zealand, Ireland ndi South Africa. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe mulibemo, ngakhale kuti ife timaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Zimandipweteka, koma ndi mmene zilili. Ilipo ina ya E-1 ya maprofesa imene siyang'ana mndandanda umenewu, kungoti khomo lake n'lopapatiza. Ndiye amene akulonjeza E-2 kwa munthu wa pasipoti ya Malawi, mudziwiretu kuti akukunamizani.

Ku Japan n'kosiyana, ndipo n'kumene ndingakulangizeni kuti muyikeko mtima. Lamulo lawo silisankha dziko limene munabadwira. Wophunzitsa ku yunivesite amapatsidwa chilolezo chotchedwa Professor. Dzinalo lisakuopseni, chifukwa ngakhale lekichala wamba amalowa m'gulu lomweli. Musachisokoneze ndi Instructor, chimene ndi cha aphunzitsi a ku pulayimale ndi ku sekondale, kapenanso Specialist in Humanities, chimene amatenga ophunzitsa m'masukulu a makampani ophunzitsa kuyankhula Chingerezi.

Kayendedwe kake n'kotere. Mukapambana intavyu n'kusayina kontirakiti, yunivesiteyo ndi imene imapita ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko ya Immigration Services Agency ku Japan komweko kukapempha m'malo mwanu chikalata chotsimikiza kuti ndinu oyenera chilolezocho, chotchedwa Certificate of Eligibility, chimene ambiri amangoti COE. Inu mbali yanu ndi kutumiza kope ya pasipoti, chithunzi, mapepala a madigiri, CV ndi zina zimene angakuuzeni. Chikalatachi boma sililipiritsa. Chimatenga mwezi umodzi mpaka itatu kuti chituluke, ndipo kuyambira mu 2023 chikhoza kubwera pa imelo, osadikiranso envulopu. Mukachilandira mumapita nacho ku ofesi ya kazembe wa Japan ku Lilongwe pamodzi ndi pasipoti ndi fomu, ndipo ngati zonse zili bwino viza imatuluka pa masiku owerengeka. Samalani apa: COE imagwira ntchito kwa miyezi 3 yokha, ndiye muyenera kukhala mutalowa m'dzikomo isanathe. Musayambe kugulitsa katundu kapena kusiya ntchito yanu chikalatachi chisanafike m'manja mwanu.

Mwaona kuti viza yeniyeniyo si yovuta. Chovuta ndi kupeza ntchitoyo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo.

Ntchito za m'mayunivesite a ku Japan zimalengezedwa pa JREC-IN Portal, tsamba la bungwe la boma la Japan Science and Technology Agency. Lili ndi mbali ya Chingerezi ndipo kuwerenga n'kwaulere. Bungwe la aphunzitsi a ziyankhulo la JALT nalonso limaika ntchito. Chaka cha maphunziro kumeneko chimayamba mu Epulo, choncho ntchito zambiri zimalengezedwa miyezi ingapo m'mbuyo, chaka chinacho chisanathe. Mukayamba kufufuza mu Febuluwale ndiye kuti mwachedwa.

Mukawerenga zolengezazo muona zinthu zobwerezabwereza. Akufuna Masters, makamaka ya TESOL (kaphunzitsidwe ka Chingerezi kwa olankhula ziyankhulo zina) kapena Applied Linguistics (maphunziro a kagwiritsidwe ntchito ndi kaphunzitsidwe ka chiyankhulo). Masters ya literature imathandiza, koma pa ntchito yophunzitsa ana a chaka choyamba kuyankhula ndi kulemba amakonda amene anaphunzira kaphunzitsidwe ka chiyankhulo. Akufuna umboni woti munaphunzitsapo ku yunivesite kapena ku koleji. Ambiri amafunanso zolemba zanu zimene zinasindikizidwa m'magazini a kafukufuku, kawirikawiri zitatu. Apa ndi pamene anzathu ambiri amagwera, chifukwa kwathu kuno munthu amaphunzitsa kalasi yodzadza kwa zaka khumi osapeza mpata wolemba. Ngati thesis yanu ili gone mu kabati, itulutseni, muidule n'kutulutsamo pepala limodzi kapena awiri. Zimene mukudziwa zophunzitsa Chingerezi kwa ana amene kunyumba amayankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao ndi nkhani yoyenera kusindikizidwa, ndipo ndi vuto lofanana ndi la wophunzira wa ku Japan amene amamva Chingerezi m'kalasi mokha. Ntchito zina zimafunanso Chijapani chokwanira kuti muzimva za pa misonkhano ya aphunzitsi.

Sindikubisirani, mayunivesite ambiri amakonda kulemba munthu amene ali kale ku Japan. Ena amalembanso mawu oti native speaker, kutanthauza munthu amene Chingerezi ndi chiyankhulo chake chobadwa nacho, ndipo si onse amene amawerengera munthu wa ku Africa m'gulu limenelo. Lemberanibe, ndipo m'kalata yanu munene mosazungulira kuti Chingerezi ndi chiyankhulo cha boma ku Malawi komanso kuti maphunziro anu munachita m'Chingerezi.

Kontirakiti muiwerenge mofatsa. Ntchito zambiri za alendo ndi za nthawi yoikika, zongowonjezera chaka ndi chaka. Kuyambira mu 2013 lamulo limalola wogwira ntchito amene wadutsa zaka 5 (kapena 10 kwa aphunzitsi ena a ku yunivesite) pa makontirakiti otere kupempha kuti akhale wokhazikika, ndipo chifukwa cha chimenecho mayunivesite ena amadula munthu nthawiyo isanakwane. Funsani kuti angakuwonjezereni kangati. Funsaninso ngati ntchitoyo ndi ya nthawi zonse, chifukwa ya maola ochepa payokha kawirikawiri sikwana kuti muyambirepo viza muli kunja.

Mwatchula za ana ndi bambo a kunyumba. Iwo amabwera pa chilolezo cha Dependent, ndipo aliyense amafunika COE yake. Bambowo akapempha chilolezo chapadera akhoza kugwira ntchito mpaka maola 28 pa sabata. Mukafika pa bwalo la ndege ngati Narita, Haneda kapena Kansai amakupatsani khadi ya okhala m'dzikomo, ndipo mukapeza nyumba muli ndi masiku 14 oti mukalembetse adiresi ku ofesi ya mzinda.

Ngati mwaona kuti zolemba zosindikizidwa mulibe, ganizirani za sikolashipu ya boma la Japan ya MEXT, imene ofesi ya kazembe ku Lilongwe imalengeza. Mukapita kukachita PhD mumaphunzira Chijapani, mumalemba mapepala, mumadziwana ndi maprofesa amene amalemba anthu ntchito, ndipo mukaipeza mumasintha chilolezo kuchoka pa Student kupita pa Professor muli konko.