Inde, pikisanani nawo, koma muonane ndi loya kaye

Achemwali, mwafunsa ngati mungapikisane nawo pa zisankho. Inde, zaka zimene mwakhala mu bodi yoyang'anira masukulu n'zokwanira kuti mupikisane nawo pa mpando wa kunyumba ya malamulo. Musadziderere.

Jimmy Carter anayambira komweko. Analowa mu bodi ya masukulu ya Sumter County m'chigawo cha Georgia ku America mu 1955, mu 1962 anapambana mpando mu seneti, nyumba ya malamulo ya chigawo cha Georgia, ndipo mu 1976 anasankhidwa kukhala pulezidenti wa America.

Ine ndinathandizapo pa kampeni ya mayi ena a mu bodi ngati inuyo. Amene anayenda khomo ndi khomo kuwakopera ovota anali makolo aja ankakhala nawo mpaka usiku pa nkhani ya denga lodontha la kalasi, mayiwo atatsegula kope la bajeti pamiyendo, akufotokoza kumene ndalama iliyonse yapita. Chinawavuta n'chakuti ovota ambiri alibe ana pasukulu. Amafunsa za ntchito, misewu ndi zipatala, ndiye yambani kuziphunzira panopa.

Musanapereke mapepala anu, kaonaneni ndi loya wodziwa malamulo a zisankho. Madera ena amafuna kuti mutule kaye pansi udindo wa mu bodi, ndipo ndalama za kampeni nazonso zili ndi malamulo ake.