Akumandiitana "padawan" kuntchito, kodi n'chipongwe?

Mwandilembera kuti mwangoyamba ntchito yokonza makompyuta ku Leeds, ndipo bambo amene akukuphunzitsani ntchitoyo sakutchulani dzina, amangoti "young padawan". Mukufuna kudziwa ngati akukunyozani.

Mtima m'malo, achimwene. Mawuwa anachokera m'mafilimu a Star Wars a George Lucas, ndipo amanena wachinyamata amene akuphunzira kukhala msilikali wa gulu la Jedi. Mphunzitsi amatenga padawan mmodzi yekha, n'kumayenda naye kulikonse, kunkhondo komwe. Mwanayo amadziwika ndi katsitsi koluka kolendewera kuseri kwa khutu lamanja, ndipo amakadula tsiku limene akuluakulu avomereza kuti wakhwima. Choncho wokutchulani padawan akunena kuti mudakali wosadziwa, inde, koma akuvomeranso kuti udindo wokuphunzitsani ndi wake, ndipo tsiku lina mudzafanana naye.

Chodabwitsa n'chakuti mufilimu yoyamba ya 1977 mawuwa mulibe, ngakhale Lucas anali atawalemba kale m'zolemba zake za 1973 monga "padawaan". Anthu ambiri anawamva mu 1999, mu The Phantom Menace, pamene Obi-Wan Kenobi, yemwe ankamudziwa ngati nkhalamba ya ndevu zoyera, anaoneka ali padawan wachinyamata wotsata mphunzitsi wake Qui-Gon Jinn. Ana amene anaonera filimuyo ndi amene lero ali mabwana m'maofesi, makamaka a zamakompyuta, n'chifukwa chake mawuwa afala chonchi. Mu 2019 dikishonale ya Oxford English Dictionary inawalandira limodzi ndi "Jedi" ndi "lightsabre" (lupanga lowala la a Jedi).

Komabe tcherani khutu kuti akuwanena pati. Mukakhala awiri, iye akukuonetsani pomwe waya walowa molakwika, ndi nthabwala zachikondi basi. Akawanena pamaso pa kasitomala, kapena patapita zaka inu ntchito mutaidziwa, apo ndiye akukuchepetsani, ndipo mutha kumuuza mwaulemu kuti dzina muli nalo. Inuyo musayerekeze kuwagwiritsa ntchito kwa munthu wamkulu kwa inu, ngakhale atabwera dzulo. Ine sindiwakonda kwenikweni akachoka pakamwa pa mnzako amene munayamba naye limodzi, chifukwa pamenepo ndi matama chabe.

Ngati bamboyo ndi wokonda kuseka, mukumbutseni kuti padawan wa Obi-Wan anali Anakin Skywalker, amene anadzasanduka Darth Vader, munthu woipa wa m'mafilimuwo, n'kupha mphunzitsi wakeyo. Muone ngati mawa adzakuitananinso choncho.