Mbale zakuda zija ndi CD, zomveka bwino ndi ziti?

Achimwene, mwafunsa ngati ndi zoona kuti mbale zakuda zija zoimba ndi singano zimamveka bwino kuposa CD, poti malume anu anakusiyirani katoni yodzaza ndipo mukuganiza zogula makina ake. Ine ndinakulira pa gumbagumba imene bambo anga anabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo mbale ndimazikonda mpaka lero. Koma sindikunamizani: ikakhala nkhani yosunga mawu monga momwe anajambulidwira, CD ili patsogolo.

CD inatuluka mu 1982, atagwirizana a Sony ndi a Philips. Imayeza mawu ka 44,100 pa sekondi, ndipo kuchokera pa kanong'onong'o kufika pa phokoso lalikulu imakwanitsa ma decibel 96 (decibel ndi muyeso wa kukwera kwa mawu). Mbale, ngakhale yatsopano, imathera cha m'ma 70, chifukwa pansi pa nyimbo pamakhala kaphokoso ka singano ikukhula m'kanjira kake.

Kanjira kameneko ndiye gwero la mavuto. Besi ikachuluka singano imadumpha, n'chifukwa chake podinda mbale amayamba aichepetsa, kenako ampulifaya ndiyo imaibwezeretsa kudzera pa bowo lolembedwa kuti PHONO. Mukalowetsa waya pa AUX mudzamva timawu toonda, tapansipansi, ngati wailesi yotha mabatire, n'kumayesa kuti mbale ndi zowonongeka. Mvetserani bwinonso nyimbo yomaliza, ya pafupi ndi pepala la pakati. Mbale imazungulirabe ka 33⅓ pa mphindi, koma mkatimo njira ya singano ndi yaifupi, mawu amapanikizana, ndipo woimba akatchula "s" amamveka ngati mafuta akulira m'poto.

Nanga anthu ambiri amati mbale ndi yokoma bwanji? Sakunama ayi. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, makampani anayamba kupikisana kuti CD yawo izimveka mokweza kuposa ya anzawo. Amaifinya nyimbo mpaka ng'oma, gitala ndi mawu a woimba zonse zimafika pa mlingo umodzi, ndipo khutu limatopa nyimbo zitatu zisanathe. Izi zimandiwawa kwambiri, chifukwa CD inali ndi malo okwanira kuti ng'oma igunde pa mtima, koma anthu anawataya dala. Mbale zambiri zakale zinadindidwa khalidwe limeneli lisanabwere, ndiye nyimbo imapuma. Chimene mukumva pamenepo ndi dzanja la amene anaikonza nyimbo, osati ubwino wa pulasitiki wakudayo. Dziwaninso kuti mbale zatsopano zambiri za masiku ano zimadindidwa kuchokera pa kompyuta momwemo.

Katoni ya malumeyo musaitaye. Nyimbo zina za m'menemo mwina sizinatulukepo pa CD, makamaka timbale ting'onoting'ono tija tozungulira ka 45 pa mphindi. Makina gulani, koma muyambe ndi singano yatsopano. Musatengere zimene tinkachita ife, zoika khobidi pamutu pa mkono kuti singano isadumphe. Kulemerako kumadya kanjira, ndipo sikabwereranso. Mbalezo muzizipukuta fumbi ndi kansalu kofewa motsatira mizere, n'kuziimika chilili pamalo ozizira. Ine imodzi ya bambo ndinaisiya pawindo mwezi wa October, madzulo ndinaipeza itapindika ngati lichero, ndipo nyimbo imeneyo sindinaipezenso kwina kulikonse.