Tifunseni: Moyo ndi imfa ya Kara Hultgreen, woulutsa ndege zankhondo za pa sitima

Akonzi, ndaona kanema wakale pa YouTube. Ndege yankhondo ikubwera kudzatera pa sitima, kenako ikupendekera kumanzere n'kugwera m'nyanja. Akuti woyendetsa anali mzimayi. Anali yani ameneyu, nanga anali munthu wotani? Ndine wowerenga wanu wa ku Monkey Bay.

Bambo, amene munamuonayo ndi Lieutenant Kara Spears Hultgreen wa gulu la asilikali a pamadzi la dziko la America. Ngoziyo inachitika pa 25 Okutobala 1994 m'nyanja ya Pacific kufupi ndi San Diego, ndege yake ya F-14A Tomcat ikuyandikira sitima ya USS Abraham Lincoln. Anali ndi zaka 29. Iye ndiye anali mayi woyamba m'gululo kuvomerezedwa kuulutsa ndege yomenyana ndi ndege zinzake kuchokera pa sitima.

Anabadwa pa 5 Okutobala 1965 ku Greenwich, m'chigawo cha Connecticut, koma unamwali wake anauthera ku San Antonio, Texas. Chimene ankalakalaka n'kudzapita mumlengalenga ngati astronaut, ndipo maphunziro ake onse anawalunjikitsa kumeneko: ku University of Texas at Austin anaphunzira uinjiniya wa ndege, kenako anakalowa usilikali ku Pensacola, Florida. Atalandira mapiko agolide, chizindikiro chimene oulutsa ndege a gululi amavala pachifuwa, anapeza khomo lotseka. Amayi sankaloledwa kulowa m'magulu a ndege opita kunkhondo. Anamutumiza ku Key West ku gulu la VAQ-33 kukaulutsa EA-6A, ndege imene ntchito yake inali kuyerekezera kuti ndi mdani n'kumasokoneza ma radar a sitima za kwawo komweko kuti amalinyero azolowere. Iye sanabise kuti lamulolo sankagwirizana nalo. Nduna ya zachitetezo, Les Aspin, italichotsa mu Epulo 1993, Kara anali m'gulu loyamba la amayi opita kukaphunzira F-14 ku Miramar, ndipo pomaliza analowa gulu la VF-213 lotchedwa Black Lions.

Za khalidwe lake, mayina amene anzake anamupatsa akunena zambiri. M'magulu amenewa dzina la pa wailesi munthu sadzisankhira; anzako ndiwo amakupatsa, kawirikawiri mokuseka, ndipo ukalikana m'pamene limakukakamira. Poyamba ankamuti Hulk chifukwa anali wamtali ndi wadzitho, wonyamula zitsulo zolemera pafupifupi makilogalamu 90. Tsiku lina anaonekera pa wailesi ya kanema atadzola zophoda, ndipo kuyambira pamenepo anakhala Revlon, dzina la kampani ya zodzoladzola. Mayi ake, Sally Spears, analemba buku la moyo wake n'kulipatsa dzina lomwelo. Chinanso chodziwika n'chakuti Kara anauza mkulu wina wa asilikali kuti asayerekeze kufewetsera amayi mayeso, popeza wopyoletsedwa mwachifundo ndi amene adzafe nazo.

Ine sindikumvetsa chovuta. Sitimazi n'zazikulu ngati mudzi. Bwanji kutera pamenepo amakuopa chonchi? Mphunzitsi wa ku Chipata.

Aphunzitsi, kukula n'kwakukuludi, Abraham Lincoln ndi yotalika mamita oposa 330, koma malo amene mawilo ayenera kugunda ndi ochepa kwambiri. Msewu wa ndege wa pa Kamuzu International Airport umapitirira makilomita atatu. Pa sitimayo panali zingwe zinayi zachitsulo zoyalidwa mopingasa, zotalikirana mamita pafupifupi 12. Ndege ili ndi mbedza pansi pa mchira, ndipo mbedzayo iyenera kukola chimodzi mwa zingwezo, makamaka chachitatu. Ikakola, ndege imene imabwera pa liwiro la makilomita pafupifupi 240 pa ola imaima m'masekondi awiri kapena atatu, itangoyenda mamita pafupifupi 100.

Masana kukakhala kowala, kabweredwe kake ndi aka. Ndege imadutsa kumanja kwa sitima ili mamita 240 m'mwamba, n'kukhota mwamphamvu kumanzere kuti ichepetse liwiro. Woyendetsa amatsitsa mawilo, mbedza ili kale pansi, n'kutsikira pa mamita 180 akubwerera m'mbali mwa sitima. Akafika moyang'anizana ndi kumbuyo kwake, amayambanso kukhotera kumanzere akutsika, ndipo akamamaliza kukhotako ayenera kupezeka ali mowongoka ndi mzere wa pakati pa bwalo loterapo. Kuchokera apo mpaka kugunda zingwe pamatsala masekondi 15 mpaka 18 basi.

M'masekondi amenewo maso ake amazungulira pa zinthu zitatu. Choyamba ndi nyali za kumanzere kwa bwalo: pali kuwala kwachikasu kumene amakutcha mpira, pakati pa mzere wa nyali zobiriwira. Mpira ukakwera pamwamba pa mzerewo, ndege yakwera kwambiri; ukatsika, yatsika, ndipo ukafiira ndiye kuti ikupita kukagunda kumbuyo kwa sitima. Njira yoyenera yotsikira ndi ya madigiri 3.5. Chachiwiri ndi mzere wa pakati. Apa pali msampha: bwalo loterapo linapendekeredwa kumanzere ndi madigiri pafupifupi 9 poyerekeza ndi kumene sitima ikulowera, choncho sitima ikamayenda, mzerewo umangothawira kumanja, ndipo woyendetsa ayenera kumautsatira pang'onopang'ono mpaka kumapeto. Chachitatu ndi mmene mapiko akukumanirana ndi mpweya. Mphuno ikadzuka kwambiri liwiro lili lochepa, mapiko amaleka kunyamula.

Kumbuyo kwa sitima kumaima oulutsa ndege anzake odziwa bwino ntchito, otchedwa LSO, ali ndi wailesi ndi batani loyatsira nyali zofiira. Iwo akati bwerera, palibe kutsutsa. Kutera kulikonse amakupatsa malikisi, n'kuwapachika poyera m'chipinda cha gulu, aliyense aziona. Ndipo mawilo akangogunda, woyendetsa saponda mabuleki: amawonjezera moto wa injini, kuti ngati mbedza yaphonya zingwe zonse akhale ndi mphamvu yonyamukiranso.

Tsono pa tsikulo chinalakwika n'chiyani kwenikweni? Ndamvanso kuti munali anthu awiri ndipo winayo anapulumuka. Zinatheka bwanji? Makaniko wa ku Ndirande.

Achimwene, poti ndinu wa zitsulo, tiyambe ndi injini. F-14A inali ndi injini ziwiri za Pratt & Whitney TF30. Kutsogolo kwa injini yotere kuli mizere ya timapiko tozungulira mothamanga, timene timapanikiza mpweya usanakasakanizidwe ndi mafuta. Timapikoti timafuna mpweya wolowa mowongoka. Ukabwera chammbali kapena mosokonezeka, timalephera kuugwira, mpweya wopanikizidwa kale umabwerera kutsogolo ndi chiphokoso, ndipo mphamvu ya injiniyo imagwa nthawi yomweyo. Vutoli amalitcha compressor stall, ndipo TF30 inali yodziwika nalo kalekale. Mu 1984 John Lehman, amene anali nduna yoyang'anira asilikali a pamadzi, anauza aphungu kuti injiniyi ndi ndegeyi sizinkayenerana, ndipo anati pafupifupi 28 peresenti ya ngozi za F-14 zinkachokera ku injinizo.

Vuto lachiwiri ndi kamangidwe. Injini ziwiri za F-14 zili motalikirana, pafupifupi mamita atatu. Imodzi ikazima, yotsalayo imakankha ndege chammbali, monga mmene bwato limazungulira mukamapalasa mbali imodzi yokha.

Tsiku limenelo, pomaliza kukhota kuja, Kara anapitirira mzere wa pakati n'kupezeka ali kumanja kwake. Zimenezi zimachitikira aliyense. Mankhwala ake ndi kupendeketsa mapiko pang'ono ndi ndodo yowongolera, kapena kungovomera kuti ulendo uno walephereka n'kukazunguliranso. Iye anaponda chopondera cha kumanzere, chimene chimatembenuza ziwongolero za kumchira. Mphuno inaloza kumanzere ndege ikupitabe chammbali, thupi la ndege linatchinga mpweya wolowa mu injini ya kumanzere, ndipo injiniyo inatsamwa. LSO analamula kuti abwerere. Powonjezera moto, injini ya kumanja yokha ndiyo inayankha, ndipo anaikankha mpaka pa afterburner, pamene mafuta amathiridwanso kumchira kwa injini kuti mphamvu ichuluke. Mphamvu yonseyo inali mbali imodzi, mphuno ili m'mwamba, liwiro lili lochepa. Ziwongolero za kumchira zinalibe mpweya wokwanira wolimbana nayo, ndipo phiko la kumanzere linagwa.

Buku la malangizo a ndegeyi lili ndi ndondomeko ya nthawi yotere imene woyendetsa amailoweza pamtima: usadzutse mphuno kupitirira muyeso woikika, ponda mwamphamvu chopondera cha mbali ya injini imene ikugwira, onjezera moto wongokwanira kukwera, kweza mawilo. Kunena n'kosavuta. Koma choyamba uyenera kuzindikira kuti injini yazima, uli mamita ochepa pamwamba pa madzi, maso ali pa sitima osati pa mageji.

Za mnzakeyo: kumbuyo kunakhala Lieutenant Matthew Klemish, woyang'anira radar. Iye ndiye anakoka chogwirira chotulutsira onse awiri. Mipando ya Martin-Baker ya m'ndegeyi ili ndi maroketi pansi, ndipo siituluka nthawi imodzi, kuopa kuti ingagundane kapena moto wa wina ungawotche mnzake. Denga lagalasi limachoka, wa kumbuyo amatuluka, wa kutsogolo n'kutsatira patapita masekondi 0.4. Klemish anatuluka ndege isanatembenuzike kwambiri. Parachuti yake inatseguka ndipo helikopita inamuvuula atangovulala pang'ono. Pofika nthawi ya Kara ndege inali itapendekeka kupitirira chammbali, choncho mpando unamuponyera m'madzi, ndipo anafera pomwepo. Thupi lake analipeza pa 12 Novembala, patatha masiku 18, pansi pa nyanja mamita oposa 1,100, ali chimangidwire pa mpando. 

Amalume anga akuti ngoziyi ndi umboni woti ntchito zina si za akazi, ndipo anangomukondera kuti alowe. Ine ndikufuna kudzakhala woulutsa ndege. Zoona ndi ziti? Mtsikana wa Fomu 4, Zomba.

Achemwali, amalume anu si oyamba kunena zimenezi. Thupi lisanapezeke n'komwe, makalata opanda dzina anali atayamba kale kuzungulira ku America onena kuti Kara sanali woyenera. Nkhaniyi ili ndi mbali zimene onse otsutsana sakonda kuzimva.

Kara analephera ulendo woyamba mayeso otera pa sitima ndi F-14. Izi n'zoona, ndipo amuna ambiri ankalepheranso ulendo woyamba, chifukwa ndegeyi inali yovuta kuteretsa. Ulendo wachiwiri, chapakati pa 1994, anakhoza. Pomwalira anali atauluka maola oposa 1,200, mwa amenewo oposa 200 mu F-14, ndipo anali atatera pa sitima maulendo 58, ena usiku. Ameneyu anali woyendetsa wovomerezeka koma watsopano pa ndegeyo, monga mmene aliyense amakhalira chaka chake choyamba m'gulu.

Analakwitsa tsiku limenelo? Inde. Lipoti la ofufuza za chitetezo, limene linali lachinsinsi koma linatulukira poyera mu 1995, linatchula zolakwa za woyendetsa pamodzi ndi kutsamwa kwa injini. Akuluakulu a asilikali poyamba anatsindika za injini yokha, ndipo ife tikuona kuti pamenepo anamulakwira Kara m'malo momuteteza: lipotilo litatuluka, otsutsa anapeza chonena, akuti mwaona, ankabisa. Akadanena zonse tsiku loyamba, ngoziyi ikadaoneka mmene inalili, yofanana ndi zina zambiri za F-14A zimene zinapha amuna, pamene cholakwa chaching'ono chinakumana ndi injini yosakhululuka. Pa ngozi za amunawo palibe amene anati amuna asiye kuulutsa ndege. Zimene asilikali anachita n'kusintha injini: mitundu ya F-14B ndi F-14D inali ndi General Electric F110, ndipo F-14 yonse anaipumitsa mu 2006.

Muwauzenso amalumewo kuti Kara sanali mayi woyamba kuvala mapiko agolide. Barbara Allen Rainey anawalandira mu 1974, n'kudzamwalira pa ngozi mu 1982 akuphunzitsa wophunzira wake. Inu limbikirani masamu, sayansi ndi Chingerezi, ndipo musamale maso anu, poti mayeso a dokotala amabweza anthu ambiri asanakhudze n'komwe ndege.

Anamuika kuti? Ndipo n'chifukwa chiyani pa maliro a oulutsa ndege, ndege imodzi imasiya zinzake n'kukwera yokha? Mayi wa ku Johannesburg.

Mayi, anamuika ku Arlington National Cemetery, ku Virginia, ndi ulemu wonse wa usilikali. Pa maliro otere bokosi limakutidwa ndi mbendera, asilikali amawomba mfuti katatu, lipenga limalira, kenako mbenderayo amaipinda kukhala ya ngodya zitatu n'kuipereka kwa wachibale wapafupi.

Za ndegezo, nthawi zambiri zimabwera zinayi, zoyalana ngati nsonga za zala zinayi za dzanja: wotsogolera, mmodzi mbali ina, awiri mbali inayo. Zikafika pamwamba pa anamalira, ndege yachitatu, imene imatsogolera awiri aja, imadzutsa mphuno n'kukwera, zotsalazo n'kupitirira osatseka mpata umene yasiya. Mpatawo ndiwo malo a malemu. Mu Febuluwale 2019, pa maliro a Captain Rosemary Mariner ku Tennessee, mmodzi wa amayi 6 oyamba kuvala mapiko agolide, a m'gulu la Rainey, ndege za F/A-18 zimene zinachita mwambowu zinaulutsidwa ndi amayi okhaokha, koyamba m'mbiri ya gululi.