Tifunseni za Mpira: Dzina la timu yathu ligulitsidwe?

FUNSO: Akulu, ine ndine mlembi wa timu ya mpira cha ku Santhe kuno ku Kasungu. Anaiyambitsa ndi makolo athu, ndipo dzina lake ndi la dambo lomwe lili kuseri kwa bwalo lathu. Timavala zobiriwira. Chotivuta ndi ndalama: ulendo uliwonse timachita kusonkha, mwina anyamata amakwera lole pamwamba pa matumba a chimanga. Tsopano kwabwera bambo wina wogula soya ndi mtedza. Akuti atigulira majezi, nsapato ndi mipira, azilipiranso minibasi, koma timu itenge dzina la shopu yawo, tizivala zachikasu, ndipo masewero akuluakulu tizikachitira ku boma. Anyamata avomera kale. Madala akuti bola timuyo ithe. Titani? — Mlembi wothedwa nzeru, Santhe

YANKHO: Achimwene, bambowo musawathamangitse. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo timu ya m'boma lathu lino yopanda woigwira dzanja siyenda mtunda wautali. Kumbukani pamene TN Stars, timu ya kuno ku Kasungu, inalowa mu Super League mu 2018 n'kumasewerera pa Kasungu Stadium. Tinasangalala kuona matimu akuluakulu akubwera kwathu, koma timuyo inkayeneranso kupita ku Blantyre ndi ku Mzuzu, kugona komweko, kudyetsa anyamata. Zimenezi si za m'mbale yosonkhera.

Za dzina, madalawo muwakumbutse mbiri ya matimu omwe iwo eni amawachemerera pa wailesi. Bullets yakhalapo Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, kenako Nyasa Big Bullets, ndipo lero kutsogolo kwake kuli zilembo za banki, FCB. Ili Bakili Bullets ndi pamene inafika m'ndime ya m'magulu ya CAF Champions League mu 2004. Wanderers nayo yatchedwapo Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward ndi Mukuru. (Alimi a fodya anzanga, ina mwa ndalama zomwe zinkavalika Manoma m'masiku a Limbe Leaf zinkachokera m'zigafa zathu zomwezi.) Onani chomwe chinkasintha: dzina lakutsogolo lokha. Liwu lakuti Bullets ndi lakuti Wanderers palibe anawakhudza. Maule akadali ofiira, Manoma akadali abuluu. N'chifukwa chake gogo amene anayamba kuchemerera Bata Bullets amakhala benchi imodzi ndi mdzukulu wake osakangana kuti timu yawo ndi iti.

Ndiye dzina la shopu likhale kutsogolo, la dambo litsatire. Majezi akhale obiriwira, chizindikiro cha shopu chilembedwe pachifuwa ndi utoto wachikasu, kukula mmene bambowo angafunire. Wamalonda wanzeru avomera, chifukwa amene amamugulitsa soya ndi anthu a m'midzi yomweyo, ndipo kuwakwiyitsa n'kudziphera msika.

Za kusamukira ku boma ndiye ndikukana. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi nzimbe pabwalo panu, ana omwe amatola mpira ukagwera m'munda, a gulupu omwe anapereka malowo, onsewa sangalipire minibasi kuti akaone timu yawo. Ku England eni a Wimbledon anasamutsira timu ku Milton Keynes mu 2003, ndipo chaka chotsatira inasanduka MK Dons. Ochemerera ambiri sanaitsatire. Anali atayambitsa kale yawo, AFC Wimbledon, mu 2002, n'kuyambira m'maligi apansi. Mukadzakwera ligi yomwe imafuna bwalo lotchinga, imeneyo idzakhala nkhani ina, ndipo mudzakambirana ngati mudzi.

Koma pali funso lomwe m'kalata mwanu mulibe, ndipo kwa ine ndilo lalikulu: bambowo akubwera ngati wothandiza kapena ngati mwini? Ndinakhalapo mu komiti ya timu ina yomwe wothandiza wake anadzipereka kukatilembetsa yekha ku ligi, ife n'kuwomba m'manja poganiza kuti watipeputsira ntchito. Fodya atavuta mitengo chaka china, anatenga majezi, mipira ndi makadi a osewera n'kutsekera m'nyumba mwake. Pamapepala timu inali yake. Sitinasewerenso chaka chimenecho.

Si matimu ang'onoang'ono okha. MDC United inatenga ligi mu 1988, koma inali ya kampani, ndipo kampaniyo itagwa timu inapita nayo. Ana a lero saidziwa n'komwe. Ku Germany anaika lamulo lotchedwa 50+1, loti mamembala a kalabu ndiwo azikhala ndi mavoti ochuluka ngakhale wandalama athire zochuluka bwanji. Inu simukusowa lamulo la dziko kuti muchite chimodzimodzi. Lembani malamulo a timu, ngakhale masamba awiri a kope. Kulembetsa ku komiti ya mpira ya boma kapena ku CRFA, bungwe loyendetsa mpira m'chigawo chapakati, kukhale m'dzina la timu, osayinira akhale wapampando ndi inuyo. Akaunti ya ku banki ikhale ya anthu atatu, ndipo bambowo asakhale msungichuma. Mgwirizano unene zaka zake, ndalama zake, ndiponso kuti ukatha katundu yense atsala ku timu. A gulupu asayinire ngati mboni. Bambowo akakana zolemba n'kumati "tingokhulupirirana", bwererani ku lole yanu ya chimanga mpaka atabwera wina.

FUNSO: Kwathu tonse ndife Maule, koma mwana wanga wachisamba wapanduka, akuchemerera Manoma. Akuti timu yake ndiyo kholo la yathu. Zoona? — Mayi wa ku Nkhamenya

YANKHO: Mayi, pepani, mwanayo akunena zoona. Wanderers inayamba mu 1962, Bullets mu 1967, ndipo omwe anayambitsa Bullets anali osewera omwe anachoka ku Wanderers komweko. Akayamba kudzitama, mufunseni kuti ndi timu iti yomwe yatenga Super League kambirimbiri chiyambire mu 1986. Pamenepo akhala chete, ndipo ndiwo musamumane.